Chifukwa chake Malaŵi amasanduka MalaÅµi mu database

Munthu walemba bwinobwino Malaŵi pa fomu, lipoti pobwera lalembedwa MalaÅµi kapena Mala?i. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi vairasi, ayi ndithu, nkhani imakhala yoti pulogalamu yomwe ikutumiza mawu, ife timati client, ndi server yomwe ikusunga mawuwo mu database, nkhokwe yosungiramo data, sizinamvane kawerengedwe ka zilembo.

Kompyuta simadziwa chilembo, imangodziwa manambala, ma byte. A, B, C savuta chifukwa UTF-8 ndi latin1, njira ziwiri zosandutsira zilembo kukhala manambala, zonse zimawapatsa nambala zofanana. Koma ŵ wathu uja mu UTF-8 amatenga ma byte awiri, C5 ndi B5, tsono client ikatumiza awiriwa server n'kumayesa kuti ndi latin1, momwe byte iliyonse ndi chilembo pachokha, C5 amawerengedwa Å, B5 amawerengedwa µ, basi Åµ watuluka.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine n'choti vutoli limatha kubisala zaka. Pulogalamu yomwe inalemba molakwika imawerenganso molakwika chimodzimodzi ndiye pa sikirini zonse zimaoneka bwino, mpaka tsiku lomwe mwasamutsa data kapena mwatsegula ndi pulogalamu ina, m'pamene mumaona mayina a anthu atasokonekera. Komabe Åµ amakonzeka, poti ma byte aja akadali momwemo. Woopsa ndi ? uja. Mu latin1 mulibiretu ŵ, ndiye server ikamvetsa kuti mwatumiza ŵ koma column, gawo la table momwe dzinalo likusungidwa, ndi ya latin1, imakana kapena imangoika ? ndipo chilembocho chapita, simungachibweze popanda backup, kope la data lomwe munasunga padera.

Amene muli pa MySQL, pulogalamu ina ya database, samalaninso ndi dzina loti utf8. Ya MySQL yakale ija imalekeza ma byte atatu, ŵ amakwana koma emoji imafuna anayi. Yathunthu ndi utf8mb4, inabwera mu 2010 ndi MySQL 5.5.3, ndipo mu MySQL 8.0 ndi imene imakhalapo kale, pomwe ma version akale ankayambira latin1.

Ndiye osangosintha table yokha ayi, connection ya pakati pa client ndi server nayo iuzidwe ndi lamulo loti SET NAMES utf8mb4, kapena client_encoding ngati database yanu ndi ya PostgreSQL. Ndipo data yomwe inasokonekera kale musaitembenuze mothamanga, yambani mwatenga backup, muyesere pa kope, mufufuze dzina limodzi lokhala ndi ŵ muone ngati labwerera bwino musanakhudze database yeniyeniyo.