Kukula kwa chipolopolo sindiko kulasa

Kuno ku Lilongwe, ukamacheza ndi okonda kuwombera chandamale, umamva kuti chipolopolo chikakula ndiye chimalasa bwino. Ayi ndithu. Pa mtunda wa mamita 300 mpaka 600, mfuti ya zipolopolo zikuluzikulu zotchedwa .300 Winchester Magnum imangokupweteka phewa. Ikakukankha kangapo, thupi limayamba kudzidzimuka chala chisanakoke n'komwe, chipolopolo n'kupita kwina. Wonga wake wochulukawo umathanso mpope wa mfuti msanga.

Mfuti ya zipolopolo zocheperako zotchedwa 6.5 Creedmoor, zomwe kampani yopanga zipolopolo ya Hornady idatulutsa mu 2007, imakankha pang'ono, ndipo chipolopolo chake chowonda, chachitali sichitengeka kwambiri ndi mphepo, ngakhale mwera wa mu Julayi. Komabe ine ndingatenge mfuti ya zipolopolo zotchedwa .308 Winchester, zomwe zidatuluka mu 1952. Mpope wake umakhalitsa, ndipo poti zipolopolo timaitanitsa kunja, ubwino ndi woti zake zimapangidwa m'maiko ambiri.