Malovu si umboni wa chibale cha zilankhulo

Chaka chilichonse pamapezeka wophunzira mmodzi amene amabwera kwa ine maso ali gwa, akuti watulukira chinsinsi. Wa chaka chino anaona kuti Mtchaina ponena za kulavula amati tu, Mteki wa ku Turkey amati tükürmek, Mluya amati tafala, ndipo Mgiriki wakale ankati ptuo. "Aphunzitsi, ndiye kuti onsewa anachokera pamodzi." Iai, mwanawe. Nkhani imeneyi ndatopa nayo, koma ndiifotokozabe.

Tulukani panja mulavule, kenako mumvetsere. Milomo imatsekeka n'kuphulika, lilime limagunda kumano, mpweya n'kutuluka. Mwamva p, t, mwinanso s kapena f. Kamwa la munthu wa ku Beijing ndi la munthu wa ku Athens n'limodzimodzi, choncho aliyense akafuna kutsanzira phokosolo amafika pamawu ofanana popanda kuonana. Kufanana kotereku sikutiuza kanthu za makolo a zilankhulo.

Chomwe chimandisowetsa mtendere n'chakuti m'banja la Indo-European mawu a kulavula ndi apachibaledi, kapena ambiri a iwo. Banjali ndi lija William Jones analiunikira ku Calcutta mu 1786, pomwe ananena kuti Chisansikiriti (chilankhulo chakale cha ku India), Chigiriki ndi Chilatini zinatumphuka pa tsinde limodzi. Taonani mzerewu: Chilatini spuere, Chigoti (chilankhulo chakale chapachibale ndi Chijeremani) speiwan, Chingelezi chakale spiwan chomwe lero ndi spew, Chijeremani speien, Chilithuania spjauti, Chirasha plevat'. Akatswiri amalemba kholo lake ngati *spyeu-, ndipo kanyenyezi kali kutsogoloko kakutanthauza kuti palibe amene anawalembapo mawuwo. Tinachita kuwaumba pofananiza ana ake.

Nanga tikusiyana pati ndi mnyamata uja? Ife sitiyang'ana kufanana, timayang'ana lamulo. Jacob Grimm mu 1822 anasonyeza kuti pamene Chilatini chili ndi p, zilankhulo za gulu la Chijeremani, monga Chingelezi, zimakhala ndi f: pater ndi father, piscis ndi fish. Koma p akatsatana ndi s sasintha, n'chifukwa chake spuere ndi spew zikugwirizana bwinobwino. Plevat' wa Chirasha, amene sakufanana kwenikweni ndi anzakewo, ndiye mboni yabwino kuposa onse, chifukwa m'zilankhulo za Asilavu p akakumana ndi y pamamera l pakati, m'mawu ena ambirinso. Kwa Agiriki p ndi y yemweyo amabala pt. Wachibale weniweni nthawi zambiri amabwera atasintha nkhope, ndipo timamudziwa chifukwa anasintha monga anasinthira anzake onse a m'mudzi mwake.

Amene amandivuta mpaka lero ndi wa Chisansikiriti, ṣṭhīvati. Tanthauzo lake ndi lomwelo, kulavula. Kumapeto kwake kukugwirizana ndi speiwan. Koma p wapita kuti? Ndipo ṣ ameneyu, wotchulidwa lilime litapindikira m'mwamba, sayamba mawu wambawamba m'chilankhulo chimenechi. Kupatula mawu otanthauza 6 ndi ochokera kwa iwo, oyamba naye ndi owerengeka. Ena amathetsa vutoli polemba kholo lija ndi s, p, t ndi y zonse pamodzi, kuti mwana aliyense atolepo chomwe akufuna. Ine njira imeneyi sindimaikonda. Ili ngati kusoka malaya a manja anayi kuti aliyense akwane. Maganizo anga ndi akuti mawuwa analowadi kuchokera kwa makolo, koma m'badwo uliwonse unkawakokera kufupi ndi phokoso lomwe unkamva polavula. Lamulo limakokera kwina, khutu limakokera kwina. Ndawaphunzitsa zaka zambiri mawu amenewa, ndipo ndikafika pa ṣṭhīvati ndimalankhula mofulumirirapo.

Ana ena a banjali mumakumana nawo osadziwa. Dokotala akakutumizani kukayezetsa makhololo chifukwa cha chifuwa chachikulu, papepala amalemba sputum, Chilatini chenicheni chochokera kwa spuere. Ptyalin, chija cha m'malovu chimene chimayamba kugaya nsima isanatsike kukhosi, dzina lake linachokera kwa ptuo. Cuspir wa Chipwitikizi ndi mdzukulu wa conspuere wa Chilatini.

Tsono chenjerani ndi asing'anga a mawu. Alipo ambiri, ndipo sanayambe lero. Mu 1569 Goropius Becanus analengeza kuti Adamu m'munda wa Edeni ankalankhula chilankhulo cha ku Antwerp, mzinda umene Becanus yemweyo ankakhala, umboni wake uli mawu odulidwadulidwa mpaka atamveka monga iye ankafunira. M'zaka za m'ma 1930 ku Turkey kunaphunzitsidwa zoti zilankhulo zonse zinachokera ku Chiteki choyambirira. Lero mumva wina akuti zonse ndi ana a Chisansikiriti, wina akuti Chichewa ndi Chiheberi chosochera. Onsewa amayambira malo amodzi: mawu a kulavula, kuyetsemula, kuyamwa, ndi "mama" wa khanda, chifukwa kumeneko kufanana n'kwaulere. Mufunseni munthu wotere akupatseni mawu ena 20 amene akutsata kusintha komweko, monga mayina a ziwalo, manambala ndi achibale. Akayamba kukwiya kapena kunena kuti akatswiri akubisa choonadi, tsekani buku lake, ndipo musadikire kuti mwana wanu alembe zimenezo pamayeso.

Mnyamata uja ndinamupatsa ntchito yaing'ono. M'Chingelezi muli spit wa kulavula ndi spit wina, chitsulo chosongoka chowotcherapo nyama. Zilembo zake n'zofanana ndendende, koma woyamba anachokera kwa spittan, wachiwiri kwa spitu, mawu awiri osiyana m'Chingelezi chakale. Ndinamuuza kuti akandifotokozere chifukwa chake mawu awiri a m'chilankhulo chimodzi, ofanana chotere, si mawu amodzi, asanabwerenso ndi Chitchaina chake. Sabata yatha anandipeza pakhonde n'kundiuza kuti wapeza kuti Chijapani cha malovu ndi tsuba.