Theka la piritsi lanu si mlingo wa mwana

Chizolowezi chothyola piritsi la munthu wamkulu n'kupatsa mwana kachidutswa chikukana kutha, ndipo chimatopetsa kuchimva. Kholo limawerengera chonchi: ine ndimamwa awiri, uyu ngwamng'ono, ndiye theka limukwana. Kuwerengera kotereku kumangoyang'ana msinkhu, n'kusiya chiwindi ndi impso za mwanayo, pomwe ziwalo ziwirizi n'zimene zimagamula kuchuluka kwa mankhwala otsala m'magazi ndi maola amene akhalemo.

M'chiwindi muli ma enzyme amene amaphwanya mankhwala kuti impso zithe kuwatulutsa mu mkodzo. Mwana sabadwa nawo onse atakhwima. Ali m'mimba amadalira kwambiri enzyme yotchedwa CYP3A7, ndipo akabadwa imeneyi imayamba kuzilala, m'malo mwake n'kumakula CYP3A4, yomwe imaphwanya mankhwala ambirimbiri mwa akuluakulu. Ina, CYP1A2, imachedwa kuposa zinzake. N'chifukwa chake caffeine, amene madokotala amapatsa ana obadwa masiku asanakwane kuti asamaleke kupuma, amatenga masiku atatu kapena anayi kuti theka lake lichoke m'thupi la khanda, pamene mwa munthu wamkulu ndi nkhani ya maola pafupifupi 5. Impso nazo zimafika pa mphamvu za munthu wamkulu mwana akamayandikira chaka chimodzi. Ichi n'chifukwa chake jakisoni wa gentamicin amatalikitsidwa maola kwa makanda, makamaka obadwa masiku asanakwane.

Zimenezi zinadziwika ana atafa kale. Cha m'ma 1959 madokotala anafotokoza za makanda amene ankapatsidwa mankhwala opha tizilombo a chloramphenicol powerengera kulemera kwawo monga mmene ankachitira ndi ana okulirapo. Patapita masiku ochepa makandawo ankasanza, kukana bere, mimba kutupa, khungu kutuwa ngati phulusa, ndipo ambiri anamwalira. Mankhwalawo sanali achinyengo. Njira ya m'chiwindi yowamangirira kuti atuluke inali isanakhwime, ndiye mlingo uliwonse unkaunjikana pamwamba pa unzake.

Apa ena amafulumira kunena kuti basi, ana azipatsidwa pang'ono. Ayi ndithu. Mwana akapitirira chaka chimodzi zinthu zimatembenuka. Chiwindi cha mwana wa zaka ziwiri, zitatu kapena zisanu n'chachikulu poyerekeza ndi thupi lake, ndipo mankhwala ambiri amachoka mwamsanga kuposa mmene amachokera mwa bambo ake. Kafukufuku woyeza magazi a ana odwala TB anaonetsa kuti ana opatsidwa mlingo wa akuluakulu pa kilogalamu iliyonse ankakhala ndi mankhwala ochepa m'magazi. Mu 2010 bungwe la WHO linakweza milingo: isoniazid kufika mamiligalamu 10 pa kilogalamu, pomwe wamkulu amalandira 5, ndipo rifampicin kufika 15, pomwe wamkulu amalandira 10. Jakisoni wa artesunate wa malungo aakulu nayenso ali choncho. Kuyambira mu 2015 mwana wosakwana makilogalamu 20 amabayidwa mamiligalamu 3 pa kilogalamu, osati 2.4 ya akuluakulu. Choncho kachidutswa kothyola mwamaso kangakhale poizoni kwa khanda, komanso kangakhale kosakwana kwa mwana woyenda. Mlingo wosakwana sumachiza, umangozoloweza tizilombo mankhwala.

Msinkhu ndi mbali imodzi chabe. Mbali inayo ndi majini, malangizo a chibadwa amene mwana amatengera kwa mayi ndi bambo ake. Ana awiri a zaka zofanana, olemera mofanana, akhoza kumwa supuni yofanana, wina osamva kanthu, wina n'kulephera kudzuka.

Nkhani ya codeine, mankhwala a ululu ndi chifuwa, ndi imene siichoka m'maganizo. Codeine payekha sathetsa ululu kwenikweni. Chiwindi chimayamba chamusandutsa morphine kudzera mu enzyme ya CYP2D6. Anthu ena, monga 5 mpaka 10 mwa 100 alionse ochokera ku Ulaya, enzyme imeneyi siigwira ntchito, ndiye codeine sawathandiza. Ena anabadwa ndi jini yomweyo yobwerezedwa kawiri kapena kangapo, moti amapanga morphine wochuluka mofulumira. Kafukufuku wa ku Ethiopia anapeza kuti anthu pafupifupi 29 mwa 100 ali m'gulu limeneli. Mu 2012 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachenjeza za ana aang'ono, a zaka zapakati pa 2 ndi 5, amene anamwalira atachitidwa opaleshoni yochotsa ma tonsils chifukwa ankabanika kutulo. Anapatsidwa codeine pa mlingo wovomerezeka. Makolo sanaonjezere, sanathyole piritsi la wina aliyense, anatsatira zimene zinalembedwa pa botolo. Mwana ankagona tulo tofa nato, aliyense n'kumaganiza kuti akupumula pambuyo pa opaleshoni, pamene morphine anali akuzimitsa kupuma kwake pang'onopang'ono. Chopweteka n'chakuti mankhwala obweza mphamvu ya morphine, a naloxone, alipo ndipo amagwira ntchito m'mphindi zochepa, bola mwana afike kuchipatala akupuma.

Bungwe la WHO linali litachotsa kale codeine pa mndandanda wa mankhwala ofunikira a ana mu 2011. Mayiko a ku Ulaya anamuletsa kwa ana osakwana zaka 12 mu 2013 pa ululu, ndi mu 2015 pa chifuwa. Mu 2017 FDA inaletsa codeine pamodzi ndi mankhwala ena a ululu a tramadol kwa ana osakwana zaka 12, n'kuchenjezanso amayi oyamwitsa. Koma mpaka lero codeine amabisala m'mankhwala ena a madzi a chifuwa ndiponso m'mapiritsi a ululu osakaniza ndi paracetamol. Werengani chimene chalembedwa pa paketi. Mukaona codeine kapena tramadol, musampatse mwana, ngakhale pang'ono, ngakhale mkulu wake anamwapo osaona vuto. Abale a mimba imodzi satengera majini ofanana ndendende.

Pali kusiyana kwina kwa chibadwa koyenera kukudziwa. Anthu pafupifupi 400 miliyoni padziko lonse ali ndi enzyme ya G6PD yochepa m'maselo ofiira a magazi, ndipo vutoli limaonekera kwambiri mwa ana aamuna chifukwa jini yake amatengera kwa mayi. Mwana wotere akamwa primaquine, dapsone kapena nitrofurantoin, maselo ofiira amatha kusweka m'masiku ochepa. Mkodzo umada, maso amachita chikasu, zikhatho zimayera, mwana amafooka ndi kupuma mwawefuwefu. Mankhwala a malungo otchedwa Lapdap anachotsedwa pamsika mu 2008 chifukwa cha zimenezi. Efavirenz wa HIV amaphwanyidwa ndi enzyme ya CYP2B6, ndipo mtundu wa jini umene umachedwetsa ntchitoyi umapezeka kwambiri mwa anthu a ku Africa. Mwana wa jini wotere akamwa efavirenz amamva chizungulire, amalota zoopsa, amaodzera m'kalasi, akulu n'kumamuyesa waulesi. Pa khansa ya m'magazi, mwana mmodzi mwa pafupifupi 300 alibe enzyme ya TPMT yogwira ntchito, ndipo mlingo wamba wa mercaptopurine ungathe kumumalizira maselo oteteza thupi.

Chimene chimavutitsa ofufuza n'chakuti msinkhu ndi majini zimalowerana. Khanda la masiku ochepa, ngakhale litatengera jini yofulumira, limaphwanya mankhwala mochedwa chifukwa enzyme yake sinayambe ntchito mokwanira. Chibadwa chimayamba kuonekera enzyme ikamakula, ndipo iliyonse ili ndi nthawi yake. Zotsatira za kafukufuku wa akuluakulu sizingangotengedwa n'kugawidwa ndi kulemera kwa mwana. N'chifukwa chake America mu 2003 ndi mayiko a ku Ulaya mu 2007 anakhazikitsa malamulo okakamiza makampani kuyesanso mankhwala atsopano mwa ana. Onjezerani apo mankhwala ena amene mwana akumwa. Rifampicin amafulumizitsa chiwindi, moti mwana amene akumwa mankhwala a HIV a dolutegravir akayamba mankhwala a TB amafunika kumwa dolutegravir kawiri pa tsiku. Kubisira dokotala mankhwala amodzi kumasokoneza kuwerengera konse.

Tsono inu makolo, mbali yanu ndi iyi. Mwana akwere sikelo nthawi iliyonse imene akulemberedwa mankhwala, ndipo amene akumwa mankhwala a nthawi yaitali, monga a khunyu, a HIV kapena a TB, aziyezedwa pa ulendo uliwonse, chifukwa mlingo wa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo wamuchepera. Paracetamol ndi mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu, motalikitsa maola 4 mpaka 6, osapitirira kanayi pa maola 24. Mwana wa makilogalamu 10 ndiye kuti asapitirire mamiligalamu 150 pa nthawi imodzi. Mabotolo amasiyana mphamvu: lina lili ndi mamiligalamu 120 mu mamililita 5, lina 250 mu mamililita 5 omwewo. Mukachoka pa botolo loyambalo n'kupita pa lachiwirilo osasintha muyezo, mwapereka mlingo woposa kawiri. Yezerani ndi sirinji kapena kakapu kamene kabwera ndi botolo, osati supuni yodyera. Aspirin asapatsidwe kwa mwana wosakwana zaka 16 pokhapokha dokotala atalamula. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi, musalimwetse kanthu n'kudikira kuti kuche, pitani nalo kuchipatala.

Ngati m'banja mwanu wina anachitapo chikasu, anada mkodzo kapena anavuta kudzuka atamwa mankhwala ena ake, nenani dokotala asanalembe kalikonse. Kumene kulibe zipangizo zoyezera majini, mbiri ya banja ndi imene imaunikira.

Ndipo chonde lekani kudikira. Mwana amene wamwa paracetamol wochuluka amasewera bwinobwino tsiku loyamba, chiwindi n'kudzaonetsa kuwonongeka tsiku lachiwiri kapena lachitatu, pamene mankhwala ochiteteza, a acetylcysteine, amathandiza kwambiri akaperekedwa maola 8 asanathe. Musamusanzitse, musamumwetse zina kuti zisukulutse. Nyamulani paketi kapena botolo, kumbukirani nthawi imene wamwera. Anthu ogulitsa zosakaniza zimene amati zimatsuka chiwindi kapena kuchotsa poizoni m'magazi sadziwa kulemera kwa mwana wanu, sadziwa mphamvu ya zimene athira m'botolomo, ndipo zomera zina zimasintha liwiro la ma enzyme omwewa. Mwana wovuta kudzutsa, wopuma pang'onopang'ono kapena mokoroma, wa milomo yoderapo, wa mkodzo wakuda kapena wotuluka zilonda pakhungu ndi m'kamwa atayamba mankhwala atsopano, musamupatse mlingo wotsatira, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.