Kulemera kwa mbale si kukoma kwa nyimbo

Patebulo langa pali mbale ziwiri za galamafoni za chimbale chimodzi cha jazi, Eastern Sounds cha Yusef Lateef. Chikuto n'chofanana, nyimbo n'zomwezo, ndipo zonse ndinazigula zili zatsopano. Imodzi ndinaipeza motchipa kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, n'kumadzitama kuti ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Inayo inandiboola m'thumba. Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mawu mu situdiyo, choncho mlendo akabwera ndimamuyesa dala: ndiika yoyamba, ndiika yachiwiri, ine duu.

Nyimbo yotsegulira ndi The Plum Blossom. Lateef akuliza xun, kachitoliro kadothi ka ku China kobulungira ngati kamphika, kotulutsa mawu owerengeka chabe. Pa mbale yodulayo mumayamba mwamva mpweya wa munthu ukulowa m'dothimo, liwu n'kubwera pambuyo. Mumamva chala cha Ernie Farrow chikukoka nsambo, ndipo Barry Harris akagunda piyano mawu amatsala m'chipindamo kanthawi asanazilale. Pa yotchipayo nyimbo ilipo ndithu, palibe chachotsedwa, koma mumakhala ngati mukumvera muli kuseri kwa chitseko.

Ndisanafotokoze chifukwa chake, tigwirizane za jazi amene ndikunena, pakuti kwathu liwuli limatikumbutsa banjo ya Alan Namoko ndi Chimvu Jazz Band. Pano ndikunena za jazi wa anthu akuda a ku America. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Ghana italandira ufulu mu 1957 ndipo maiko ena ali m'njira, oimba ena a ku America anayamba kutchera khutu ku Africa ndi kum'mawa. Angapo anali atalowa Chisilamu n'kusintha maina. Lateef anabadwa mu 1920 ali William Huddleston, anakulira ku Detroit, ndipo mu 1957 anajambula chimbale cha Prayer to the East. Eastern Sounds anaijambula tsiku limodzi lokha, pa 5 September 1961, mu situdiyo ya Rudy Van Gelder ku Englewood Cliffs, New Jersey. Chidwi chake sichinali cha pachikuto chokha: kuyambira 1981 mpaka 1985 anakakhala ku Zaria, Nigeria, akuchita kafukufuku wa nyimbo pa Ahmadu Bello University.

Amene ine ndimamukonda kwambiri ndi Ahmed Abdul-Malik, woimba bezi wa ku Brooklyn yemwe ankaimba ndi Thelonious Monk. Mu 1958 anajambula Jazz Sahara ku kampani ya Riverside, iye akuliza oud, chida cha nsambo cha Aluya chopanda timizere ta pakhosi ngati ta gitala. Pambali pake panali kanun (chidanso cha nsambo), vayolini ndi ng'oma ya darbuka, kenako Johnny Griffin n'kulowerera ndi sakisofoni ngati mlendo wofika pagule wa eni ake n'kuvina bwino. Abdul-Malik ankauza anthu kuti bambo ake anachokera ku Sudan. Wolemba mbiri Robin D. G. Kelley atafufuza anapeza kuti makolo ake anali a pachilumba cha St. Vincent. Kwa ine zimenezi sizichepetsa kanthu pa kaimbidwe kake. Zimangoonetsa kukula kwa ludzu lofuna kukhala ndi kwawo. Mu 1962 iye ndi Lateef anakumana pa chimbale cha Art Blakey chotchedwa The African Beat, limodzi ndi Solomon Ilori wa ku Nigeria. Randy Weston anali atatulutsa kale Uhuru Afrika, chimene boma la tsankho la ku South Africa linaletsa mu 1964.

Sikuti zonse zinali zozama. "Kum'mawa" kwa nthawiyo kunali thumba limodzi loponyamo China, India ndi Arabia, ndipo mu Eastern Sounds momwemo muli nyimbo ziwiri za m'mafilimu a ku Hollywood. Koma zikagwirana, zimagwirana zedi.

Mbale zoyambirira zija lero n'zosowa, ndipo zopezekazo zambiri n'zokalika. Msika nawo wadzuka: mu 2022 ku America kunagulidwa mbale zoposa ma CD koyamba chichokere 1987. Ndiye makampani akuzidindanso, ndipo apa ndi pamene wogula amapusitsidwa.

Mbale yabwino imayambira pa tepi imene inazungulira mu situdiyo tsiku lojambula. Katswiri amaiseweretsa, makina n'kumasema kanjira ka singano pa mbale ya aluminiyamu yokutidwa ndi utoto wofewa wotchedwa lacquer. Kuchokera pa imeneyo amaumba zikombole za chitsulo cha nickel motsatizana: choyamba amachitcha bambo, chachiwiri mayi, chachitatu ndicho chidindo chimene chimapsinja pulasitiki wotentha. Chikombole chilichonse chimataya kanthu kakang'ono, ndipo chidindo chikagwira ntchito nthawi yaitali chimatha mano. N'chifukwa chake pali njira ina yodula kwambiri yolumpha zikombole zinazo, yodinda ndi chitsulo choyambirira chomwecho. Kampani ya Craft Recordings, imene imasunga nyimbo za makampani akale a Prestige ndi Riverside, inatulutsa Eastern Sounds mwa njira imeneyi mu 2021, wosema ali Bernie Grundman.

Nanga yotchipa ija inachokera kuti? Yankho lili m'malamulo. Ku Ulaya umwini wa mawu ojambulidwa unkatha pakadutsa zaka 50. Mu 2013 anawonjezera kufika zaka 70, koma zimene zinali zitamasuka kale sanazibwezere m'khola. Motero chilichonse chotuluka chisanafike chaka cha 1963 kampani iliyonse ya kumeneko ingathe kuchidinda osapempha kwa mwini tepi, bola ilipire opeka nyimbo. Taonani zaka zija: 1957, 1958, 1961, 1962. Nyimbo zathuzi zonse zili mkati. Makampani oterewa sakuba, koma tepi alibe ndipo sadzaigwira. Amatenga CD ya m'sitolo, kapena mbale yakale yoyeretsedwa pa kompyuta, n'kusema kuchokera pamenepo. Kompyuta ikamachotsa phokoso imadyera limodzi ndi timawu tofewa. Lipenga lofuula limapulumuka. Mpweya wa m'kachitoliro kadothi, kunjenjemera kwa nsambo ya oud, chikhatho chotsetsereka pachikopa cha ng'oma, zimenezo ndizo zimayamba kufa, ndipo m'nyimbo zamtunduwu ndimo muli ndiwo.

Pachikuto amamatapo chipepala chonyezimira cholembedwa kuti magalamu 180. Kumeneko n'kulemera kwa pulasitiki basi. Mbale yolemera sipindika msanga, zoona, koma kanjira ka singano n'kamodzimodzi.

Choti muyang'ane ndi ichi. Tembenuzani chikuto, muone ngati atchula kumene mawu achokera ndi dzina la wosema. Ochita zolongosoka sabisa: mbale za Tone Poet, zimene kampani ya Blue Note inayamba kutulutsa mu 2019, zimanena poyera kuti wosema ndi Kevin Gray. Kukakhala zii, kapena angolemba kuti "remastered" (mawu akonzedwanso) osanena kuchokera ku chiyani, kayikani. Mukaitulutsa m'chikuto, ipendekeni pa kuwala muone kabwalo kosalala kapakati pa nyimbo yomaliza ndi pepala la dzina. Osema amasainapo timalemba tating'ono: RVG kapena VAN GELDER pa zakale, BG wa Grundman, KPG wa Gray.

Ngakhale zolembazo si malemba oyera. Mu 2022 kampani yotchuka ya Mobile Fidelity inavomera kuti kwa zaka zambiri inkayamba yakopera matepi pa kompyuta isanaseme, ogula akuganiza kuti zikuchokera pa tepi mwachindunji. Nkhani inafika kukhoti. Chondiseketsa n'choti akatswiri a makutu akuthwa anakhala akuziyamikira mbalezo zaka zonsezo osazindikira. Kukopera tepi yeniyeni mosamala n'kosiyana kutalitali ndi kukopera CD ya m'sitolo, ndipo nthawi zina palibenso kuchitira mwina: moto wa mu 2008 ku nyumba yosungira katundu ya kampani ya Universal ku California unapsereza matepi ochuluka, ena a jazi.

Alendo anga ambiri amaloza mbale yodula nyimbo isanafike pakati. Mmodzi yekha anasankha yotchipa, ati ikumveka mwaukhondo, ndipo sindinamutsutse. Mbaleyo sindinataye. Ndikagula singano yatsopano, kapena ndikakonza galamafoni ya munthu, ndimayamba ndayesera pa iyo, kuti ngati pali chokala chikale imeneyo.