Limón: doko limene linabadwa ndi njanji ndi nthochi

Basi yochokera ku San José, likulu la Costa Rica, imatsika mapiri kulowera kum'mawa, ndipo ikafika ku Limón mlendo amadabwa ngati akadali m'dziko lomwelo. Kumapiri n'kozizira ndipo anthu amayankhula Chisipanishi chokhachokha. Kuno n'kotentha, mvula imagwa pafupifupi chaka chonse, mpunga ndi nyemba amaziphikira mu mkaka wa kokonati, ndipo agogo ambiri akuda amacheza m'Chingerezi chochokera ku Jamaica, chimene eni ake amachitcha Mekatelyu. Zonsezi zinabwera ndi njanji.

M'zaka za m'ma 1800 chuma cha Costa Rica chinali khofi wa kumapiri. Ngolo za ng'ombe zinkamutsitsira ku Puntarenas, kugombe la Pacific, ndipo kuti afike ku Ulaya, sitima zinkazungulira South America yense popeza ngalande ya Panama kunalibe. Gombe la Caribbean linali pafupi ndi misika, koma pakati panali nkhalango, madambo ndi mitsinje yosefukira. Mu 1871 boma la Tomás Guardia linapangana ndi Henry Meiggs kuti amange njanji, ndipo m'kupita kwa nthawi ntchitoyo inagwera mwana wa mlongo wake wa Meiggs, Minor Cooper Keith.

Anthu a kumapiri sankafuna kukagwira ntchito kumene malungo ndi yellow fever zinkapha anthu mwaunyinji. Kampani inabweretsa Matchaina ndi Mataliyana, koma amene anachuluka ndi kukhalitsa anali a ku Jamaica, amene gulu lawo loyamba linafika mu December 1872 pa sitima yotchedwa Lizzie. Njanjiyo inatha mu 1890.

Boma linalibe ndalama zokwanira zolipira, choncho mu 1884 linapatsa Keith malo okwana maekala 800,000 komanso ulamuliro wa njanji kwa zaka 99. Iye anali atayamba kale kubzala nthochi m'mbali mwa njanjiyo, ndipo mu 1899 bizinesi yake inaphatikizana ndi Boston Fruit Company n'kupanga United Fruit Company. Njanji imene inamangidwira khofi inasanduka ya nthochi. Sitima zapamadzi, masitolo ndi chipatala zinali m'manja mwa kampani, moti ku Limón mawu a bwana wa nthochi ankamveka kuposa a boma.

Anthu a ku Jamaica aja sankadziona ngati a ku Costa Rica. Anali pansi pa ufumu wa Britain, ana awo ankaphunzira m'Chingerezi kusukulu za matchalitchi a Baptist, Methodist ndi Anglican, ankasewera kiriketi, ndipo ambiri ankati akapeza kangachepe abwerera kwawo. Marcus Garvey, wa ku Jamaica, anagwirako ntchito m'minda ya nthochi mu 1910, asanayambitse gulu lake lomenyera ufulu wa anthu akuda la UNIA. Nyumba yamatabwa ya gululi, imene anthu amaitcha Black Star Line, inamangidwa mu 1922 ndipo inali malo a misonkhano ndi magule mpaka pamene inapsa mu 2016.

Mavuto enieni anayamba pamene matenda a nthochi otchedwa Panama anaononga minda. Kampani inayamba kusamukira kugombe la Pacific, ndipo lamulo la 1934 lokhudza pangano latsopano la boma ndi kampaniyo linaletsa kulemba ntchito anthu akuda kumeneko. Ntchito inachoka, eni ntchito n'kuuzidwa kuti asaitsatire. Ena anapita ku Panama, ena ku America, otsala anayamba kulima koko. Ana obadwira ku Limón ambiri analibe mapepala a dziko lililonse. Akuluakulu amasimbabe kuti munthu wakuda sankayenera kupitirira tauni ya Turrialba polowera kumapiri. Akatswiri a mbiri amatsutsana ngati linalidi lamulo lolembedwa, koma kwa amene ankabwezedwa kapena kuopa kukwera, kulembedwa kwake sikunali nkhani.

Zinthu zinasintha itatha nkhondo yapachiweniweni ya 1948, imene José Figueres Ferrer anapambana. Pansi pa malamulo atsopano a 1949, zidzukulu za omanga njanji zinayamba kulandira unzika, patapita zaka zoposa 70 chifikire sitima ya Lizzie. Chaka chomwecho kunayamba chikondwerero cha Carnaval chimene chimachitika mu October. Mu 2018 Epsy Campbell Barr, wa magazi a ku Jamaica, anakhala wachiwiri kwa pulezidenti. Komabe Limón akadali m'gulu la zigawo zosauka, ngakhale kuti katundu wambiri wotuluka m'dzikomo amadutsa padoko la Limón ndi la Moín. Mzindawo ulibe ulemerero wambiri woonetsa: nyumba zakale zamatabwa, msika, ndi Parque Vargas, kumene tinyama taulesi totchedwa sloth timagona m'mitengo. Kutsogolo kwake kuli kachilumba ka Uvita, pamene Columbus anakocheza mu 1502. Chivomerezi cha pa 22 April 1991 chinatukula gombe, miyala ya pansi pa nyanja n'kutsala pamtunda.

Alendo ambiri amangodutsa. Ena amakwera mabwato ku Moín kupita ku Tortuguero, kumene akamba a m'nyanja amaikira mazira mumchenga. Ena amalowera kumwera ku Cahuita, ndipo kumeneko nkhani ya malo sinazizire msanga. Boma linateteza nkhalango ndi matanthwe a m'nyanja a kumeneko mu 1970, pamalo pamene mabanja akuda anali ndi minda ya kokonati ndi kuwedza kuyambira kale. Mu 1994 boma litakweza ndalama yolowera kwa alendo akunja, anthu a ku Cahuita anakana poona kuti alendo athawa ndipo malonda awo afa. Analanda khomo la paki mpaka boma linavomera kuti aziiyendetsa limodzi. Mpaka lero wolowera pakhomo la Kelly Creek amapereka imene wafuna, pomwe khomo la Puerto Vargas lili ndi mtengo woikika.