Wailesi yatsopano m'galimoto: mudzandiyamike pakatha milungu iwiri

Munthu akabwera kudzatenga galimoto yake titamuikira wailesi yamakonoyi, ya sikirini yaikulu, ndimamuuza kuti asandiyamike tsiku lomwelo, adikire milungu iwiri. Ambiri amaseka. Koma pa zaka zimene ndagwira ntchito ya zamagetsi a galimoto, sindinaonepo wailesi yomveka moipa tsiku loyamba. Makutu amakhala akadasangalala, sikirini ikuwala, chala chikungoyendayenda. Ntchito ya amene anaika wailesiyo imadzaoneka m'mawa wachitatu galimoto itagona panja, kapena pa ulendo woyamba wautali. Ndipo madandaulo ambiri amene amabwera nthawi imeneyi sachokera m'kati mwa wailesi ayi. Amachokera ku mawaya ali kuseri kwake, kapena ku mmene mwiniwake akuigwiritsira ntchito.

Dandaulo loyamba kufika ndi lakuti wailesi ikuiwala. Mwasunga masiteshoni, mwakonza nthawi, mwazimitsa galimoto. Kukacha zonse zafufutika. Wailesi ya m'galimoto imalandira magetsi kudzera pa mawaya awiri. Wachikasu amachokera ku batire ndipo amakhala ndi magetsi usana ndi usiku, n'chifukwa chake wailesi imakumbukira zimene mwasunga. Wofiira amalandira magetsi pokhapokha mwatembenuza kiyi, ndipo ndiye amaidzutsa. Awiriwa akasinthana malo, wailesi imayaka bwinobwino koma imaiwala chilichonse mukangozula kiyi. Magalimoto ena a ku Ulaya, monga a Volkswagen ndi Opel, amabwera mawaya amenewa ali mosinthana pa pulagi yake, moti mawailesi ambiri amakhala ndi polumikizira posavuta kumasula pa mawaya awiriwa kuti muwasinthe. Ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Choopsa ndi pamene woika wailesi, posafuna kuvutika kusaka waya wa kiyi, wapotokolera wofiira ndi wachikasu pamodzi n'kuwalumikiza ku batire. Wailesi siiwala, koma sigonanso. Galimoto yabwinobwino ikazimitsidwa n'kutsekedwa imayenera kumadya magetsi ochepa kwambiri, osapitirira 50 milliamp. Wailesi ya sikirini imene yatsala maso imatha kudya 1 amp, kutanthauza 1,000 milliamp, ndipo batire la 45Ah likamayamwidwa chonchi limafika theka tsiku limodzi lokha. Lolemba m'mawa mukutembenuza kiyi, injini ingoti "kli-kli-kli". Musathamangire kugula batire lina. Pemphani kuti akupimireni: batire lodzaza limaonetsa mavoti 12.6 injini ili chete, likafika 12.2 ndiye kuti lili pa theka, ndipo injini ikamalira muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kenako apime magetsi amene akutuluka galimoto ili yozimitsa, n'kumazula mafyuzi imodziimodzi mpaka wakubayo atapezeka.

Nthawi zina wakubayo ndi inu nomwe. Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa poliza injini, kenako alternator, kachipangizo kamene kamatchaja batire injini ikamalira, ilibwezere. Silinapangidwe kuti muzimvera nyimbo maola awiri injini ili yozima. Likamatsitsidwa kwambiri kawirikawiri limakalamba msanga.

Ngati anakuikiraninso ampulifaya, chipangizo chokuzira mphamvu ya mawu, tsegulani boneti lero lomwe muone waya wonenepa wochokera ku batire. Payenera kukhala fyuzi pafupi ndi batirelo, mosapitirira masentimita 45. Fyuzi imeneyo siteteza ampulifaya, imateteza wayayo. Akakhulika pa chitsulo popanda fyuzi, amafiira ngati khala ndipo galimoto imapsa. Pa zonse zimene ndilembe pano, ichi chokha ndi chosayenera kudikira milungu iwiri.

Tsopano za mawu. Pali kamluzu kena kamene kamamveka m'masipika, kamene kamakwera mukaponda mafuta n'kutsika mukachotsa phazi. Ameneyo ndi alternator akulowerera mu nyimbo zanu, ndipo nthawi zambiri khomo lake ndi waya wakuda, amene ife timati earth. Waya ameneyu ayenera kukhala wamfupi, womangidwa zolimba pa chitsulo cha galimoto chimene apala penti. Akamangidwa pa bawuti wa dzimbiri, kapena mawaya onyamula nyimbo akayendetsedwa mbali imodzi ndi waya wa magetsi a ampulifaya, kamluzu kamabwera. Amagulitsa timabokosi tozimitsa phokosoli, ndipo nthawi zina timathandizadi, koma ine ndimayamba ndapala chitsulo.

Vuto lina ndi lobisika moti ena amakhala nalo zaka osalidziwa. Nyimbo ikumveka, koma besi ndi yopyapyala, ndipo mawu a woimba sakudziwika kumene akuchokera. Yesani izi galimoto itaima: kankhirani mawu onse ku masipika a kumanzere okha, kenako abwezereni pakati. Ngati besi inali yamphamvu mbali imodzi n'kuchepa mutabwezera pakati, sipika imodzi inalumikizidwa mozondoka, waya wa + pa malo a −. Ina ikamakankha mpweya, inzake ikukoka, ndipo zimafafanizana. Kusintha mawaya awiri okhawo kumasintha galimoto yonse.

Pa bokosi la wailesi yanu mwina palembedwa 4 x 50W, kutanthauza masipika anayi, iliyonse mawati 50. Chikomekome cha nkhuyu. Wailesi yodya mavoti 14.4 ikamayendetsa sipika ya 4 ohm singathe kutulutsa mawu oyera opitirira mawati 26, ngakhale itakhala yopanda chilema chilichonse, ndipo zambiri zimathera pakati pa 14 ndi 22. Nambala ya 50 ndi ya kanthawi kochepa zedi, mawu atasasa kale. Yoyenera kuifunafuna ndi imene yalembedwa kuti RMS, imene imasonyeza mphamvu imene wailesi ingatulutse mosalekeza. Izi n'zofunika chifukwa anthu amaganiza kuti wailesi yaing'ono singaphe sipika. Imapha. Mukakweza voliyumu kupitirira mphamvu yake, nsonga za mafunde a mawu zimadulidwa, kawaya kopyapyala ka m'kati mwa sipika kamatentha, ndipo timasipika tating'ono ta mawu okwera ndi timene timayamba kufa. Ndiye tsiku lina mutaima, bwezerani besi ndi zina zonse pa ziro, ikani nyimbo imene mumaidziwa bwino, muzikweza pang'onopang'ono mpaka mawu atayamba kukanda m'makutu. Lowezani nambala imeneyo. Malire anu ali pansi pake.

Pamsewu matayala ndi injini zimameza besi, ndiye dzanja limathamangira kuiwonjezera. Masipika a m'zitseko sakwanitsa mawu otsika kwambiri. Amangogwedera n'kuyamba kunjenjemeretsa chitseko. Mawailesi ambiri ali ndi sefa yotchedwa HPF. Mukaiika pa 80 Hz imawachotsera masipikawo katundu amene sangamunyamule, ndipo nyimbo imamveka yoyera ngakhale mwakweza. Makutu nawo ali ndi malire ake. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu angamve phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa mlungu osavulala, koma likafika 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha. M'galimoto yotseka mawindo, 90 safuna khama kuti mumufike. Mukatsika m'makutu mukulira, mwapyola.

Amene mwachotsa wailesi yobwera ndi galimoto ya ku Japan muona kusintha kumodzi kosangalatsa. Ku Japan FM imayambira pa 76 n'kuthera pa 90 MHz, ndipo mawailesi atsopano a kumeneko amafika pa 95, pamene maiko ambiri amagwiritsa ntchito 87.5 mpaka 108. N'chifukwa chake yakale ija inkagwira masiteshoni owerengeka. Ngati panali kabokosi kosuntha masiteshoni kamene kanaikidwa pa waya wa eriyo kuti yakaleyo izigwira ambiri, kachotsedwe, apo ayi manambala a masiteshoni azisokonekera. Ndipo ngati yatsopanoyo ikugwira mofooka kuposa yakale, funsani za waya wabuluu. Magalimoto ambiri ali ndi eriyo ya m'galasi kapena ya padenga yokhala ndi kokuzira kake, ndipo popanda magetsi ochokera pa waya ameneyu imakhala ngati yogontha.

Pa nkhani ya foni pali chisokonezo cha maina. Wailesi ya Android ndi kakompyuta pakokha, kokhala ndi mapulogalamu ake. Android Auto, imene Google inatulutsa mu 2015, ndi CarPlay ya Apple ya mu 2014, n'zosiyana ndi imeneyo: ntchito yonse imachitikira mu foni yanu, sikirini imangoonetsa. Choncho zikamadukaduka, woyamba kumukayikira ndi waya wa USB. Mawaya ambiri otchajira sanyamula bwino uthenga, ena sanyamula n'komwe. Waya wamfupi, wabwino, wathetsa madandaulo ambiri kuposa sikuludiraiva yanga. Zolumikiza popanda waya zimayamba ndi Bluetooth kenako n'kusamukira pa Wi-Fi, n'chifukwa chake foni imatentha ndiponso kutha moto msanga pa ulendo wautali. Anthu amene mukulankhula nawo akamati mukumveka ngati muli m'chitsime, onani pamene anaika maikolofoni. Iyenera kuloza pakamwa panu, kutali ndi potulukira mphepo. Fulashi ikakanidwa, kawirikawiri vuto ndi mmene inakonzedwera: mawailesi ambiri amawerenga FAT32, pamene mafulashi akuluakulu amabwera ali pa exFAT. Mabatani a pachiwongolero akasiya kugwira, sikuti afa. Amafuna kuphunzitsidwa mu wailesi yatsopanoyo, kapena kabokosi komasulira mauthenga a galimotoyo.

Pali pempho limodzi limene ndimakana, ndipo ena achokapo atakwiya. Mawailesi a sikirini amakhala ndi waya wopita ku handibuleki, kuti mavidiyo azioneka pokhapokha galimoto itaima. Kumunamiza wayayu n'kosavuta, ndipo bambo wina anandiuza kuti ndi za ana ali kumbuyo, iye sadzayang'anako. Ndinawafunsa kuti sikiriniyo ili kumbuyo kapena pafupi ndi bondo lawo. Diso la munthu limatsatira chinthu choyenda lisanapemphe chilolezo kwa mwiniwake. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Mukayang'ana pa sikirini masekondi awiri, mwadutsa mamita 56, kuposa theka la bwalo la mpira, osaona msewu. Bungwe loona za chitetezo cha pamsewu ku America, la NHTSA, linalangiza opanga magalimoto mu 2013 kuti ntchito iliyonse ya pa sikirini isachotse maso pamsewu kupitirira masekondi 2 nthawi imodzi, ndiponso masekondi 12 yonse pamodzi. Mu 2017 kafukufuku wa bungwe la AAA Foundation ndi University of Utah, a ku America komweko, anapeza kuti kulemba kumene ukupita pa mapu a m'galimoto kumatenga masekondi pafupifupi 40. Pa liwiro lija, umenewo ndi mtunda woposa kilomita.

Wailesi yakale ija inali ndi ubwino umene sitinkauona. Chala chinkadziwa chokha pamene pali batani, chifukwa batani limamveka poligwira. Galasi ndi losalala paliponse, ndiye diso liyenera kuperekeza chala ulendo uliwonse. N'chifukwa chake, pakati pa mawailesi awiri ofanana, ine ndimasankha yokhala ndi chopotokola cha voliyumu, ngakhale sikirini yake ichepe. Ngati yanu ilibe, gwiritsani ntchito milungu iwiri yoyambayi kuchepetsa zifukwa zoigwirira mukuyenda. Khalani m'galimoto madzulo ena itaima, injini ikulira panja pomwe pali mphepo. Sungani masiteshoni anu, ikani patsogolo zinthu zitatu kapena zinayi zimene mumagwiritsadi ntchito, zimitsani mauthenga otumphuka pa sikirini, phunzirani kuilamula ndi mawu. Mapu muziika musananyamuke. Yatsaninso magetsi a galimoto muone ngati sikirini ikuchepetsa kuwala. Ikapanda kutero, waya wa olenji sanalumikizidwe, ndipo usiku izikuthobwani m'maso pamene mukufunika kuona munthu woyenda m'mbali mwa msewu.

Kamera ya kumbuyo muiyese musanaikhulupirire. Galasi lake limaona mbali yaikulu, ndiye zinthu zimaoneka kutali kuposa pamene zili, ndipo mizere yamitundu ija pa kamera yoikidwa pambuyo pake nthawi zambiri siyenderana ndi kukula kwa galimoto yanu. Ikani chidebe mita imodzi kuseri kwa bampala, lowetsani giya yobwerera m'mbuyo phazi lili pa buleki, muone pamene chagwera pa sikirini. Magalasi a m'mbali sanapume pantchito.

Pa tsiku la 14, bwererani kwa amene anakuikirani wailesi, ngakhale zonse zikuoneka kuti zili bwino. Mutenge foni imene mumagwiritsa ntchito, waya wake weniweniyo ndi fulashi yanu, chifukwa ndi foni ya wina wailesi iliyonse imadzionetsa yomvera. Lembani zimene mwaona ndi nthawi yake: kodi kamluzu kamabwera magetsi akayaka, kodi sikirini imazima mukagunda bampu, kodi foni imaduka itatentha. Kuzima pa bampu ndi waya womasuka, ndipo kawirikawiri amakhala wongopotokola n'kukulunga tepi, amene kutentha kwa m'dashibodi kumamumasula pang'onopang'ono. Pemphani kuti aitulutse muone kuseri ndi maso anu, ndipo mawaya oterowo awotcherere kapena awapane ndi zolumikizira zake. Wailesi yakale ija musaisiye kumeneko musanaifufute: ngati inali ya Bluetooth, mwina ikadasunga manambala a anthu anu onse ndi amene munawaimbira komaliza.