Sikauti si sukulu ya usilikali

Makolo ambiri akaona ana atavala yunifomu ya khaki, mpango m'khosi, akuchita sawatcha, amati akuphunzitsidwa nkhondo. Kuno kwathu ena amakumbukiranso a Payoniya, omwe ankasunga mfuti mpaka asilikali atawalanda mu Disembala 1993. Sikauti, gulu lophunzitsa ana ndi achinyamata khalidwe labwino ndi luso lodzidalira, si zimenezo ayi.

Zoona, amene anayambitsa, Robert Baden-Powell, anali mkulu wa asilikali a Britain. Koma pa msasa wake woyamba pa chilumba cha Brownsea ku England mu 1907, anyamata 20 ankaphunzira kumanga tenti, kuphika, kulondola mapazi a nyama ndi kupulumutsa munthu pangozi. Mpaka lero maziko ake ndi kagulu ka ana 6 mpaka 8 kotsogozedwa ndi mwana mnzawo.

Kaguluka ndi kamene kamathandiza kwambiri mwana wa msilikali. Bambo akasamutsidwa kuchoka ku Cobbe Barracks ku Zomba kupita ku Moyale ku Mzuzu, mwana amasiya sukulu ndi anzake, koma akalowa gulu latsopano amapeza lonjezo lomwelo ndi moni womwewo wa dzanja lamanzere. Chimene chimavuta ndi kuiwala kutenga kalata ya mtsogoleri wa gulu lakale yosonyeza mabaji amene mwana anapata. Popanda umboniwo mwana angathe kubwereza mayeso, n'kugwa ulesi.

Kulemekeza asilikali akale nakonso sikutamanda nkhondo. Pa mwambo wa mu Novembala wokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo, sikauti amavala duwa lofiira la poppy, n'kukhala chete mphindi 2 ikakwana 11 koloko. Chabwino koposa n'kukamuchezera gogo amene anagwirapo usilikali, kumusesera pabwalo, n'kumumvetsera osamukakamiza kufotokoza za kunkhondo.